Kodi malinga okongola a ku Wales anamangidwa poopa yani?

Anthu amene amaitanira alendo ku Wales ali ndi katundu wa mitundu itatu: malinga akale a miyala, gombe la nyanja yamchere, ndi mapiri. Pa chithunzi chilichonse chotsatsa dzikolo mupezapo chimodzi mwa zitatuzi, ndipo wojambula akakhala wochenjera amaziphatikiza zonse, monga ku Harlech, kumene linga lakhazikika pathanthwe, nyanja ili kumadzulo ndipo mapiri ali kumbuyo. Mlendo amangouzidwa kuti asankhe: lero kukwera phiri, mawa kugombe, mkuja kukaona linga. Ine ndikuti zitatuzi ndi nkhani imodzi, ndipo ndi nkhani ya nkhondo. Mapiri anali pothawira eni dziko, gombe linali njira ya adani awo, ndipo malinga anali loko amene adaniwo anakhoma pachitseko.

Ndinayenda kumpoto kwa dzikoli masiku asanu ndi limodzi pa tchuthi cha Isitala, kuyambira pa sitima yochokera ku Chester imene imatsata gombe kudutsa Flint, Conwy ndi Bangor, kenaka pa mabasi. Dzikolo ndi laling'ono ndithu. Chigawo chathu cha kumpoto chimaliposa kukula, ndipo anthu ake angopitirira pang'ono 3 miliyoni. Phiri lawo lalitali kwambiri, Yr Wyddfa, limene Angerezi amalitchula kuti Snowdon, ndi la mamita 1,085. Munthu wa ku Mulanje, wozolowera Sapitwa wa mamita 3,002, akhoza kuseka. Koma asafulumire, chifukwa mapiri a kumeneko amadzuka pafupi ndi nyanja penipeni, ndi otsetsereka, ndipo nkhungu ndi mvula zimafika osagogoda.

Tiyambire pa mapiri omwewo. Anormani atalanda England m'chaka cha 1066, sanachedwe kuyamba kudya malo a kummwera ndi a kumalire a Wales. Koma ufumu wa Gwynedd, kumpoto chakumadzulo, unawakanika kwa zaka mazana awiri. Chifukwa chachikulu chinali dera la mapiri lotchedwa Eryri. Asilikali okwera akavalo, ovala zitsulo zolemera, ankafuna malo athyathyathya ndi ngolo zambiri za chakudya. Awelshi akamva kuti nkhondo ikubwera ankakusa ng'ombe zawo kulowa nazo m'mapiri, n'kudikira kuti njala ndi nyengo ziwamenyere nkhondoyo. Mu 1165 Mfumu Henry II inabwerera ndi gulu lake lonse la nkhondo kuchokera ku mapiri a Berwyn, mvula itawakwapula kwa masiku ambiri.

Akalonga a ku Gwynedd analinso ndi malinga awo, ndipo ambiri anali m'mipata ya mapiri. Limodzi ndi Dolbadarn, pafupi ndi mudzi wa Llanberis, limene anamanga Llywelyn ab Iorwerth cha m'ma 1220 kapena 1230. Lero pangotsala nsanja imodzi yozungulira, pakati pa nyanja ziwiri zazing'ono. Salipiritsa khomo, ndipo tsiku limene ndinafikapo tinalipo anthu owerengeka chabe, pamene mzere wodikira sitima yokwera phiri unali wautali cha pafupi pomwepo. Mdzukulu wa amene anamanga nsanjayi, Llywelyn ap Gruffudd, ndiye anafika pamwamba kuposa onse. Mu 1267, pa pangano la ku Montgomery, Mfumu Henry III ya ku England inavomereza kuti iye ndi Kalonga wa Wales.

Koma phiri silibala tirigu. Nkhokwe ya Gwynedd inali chilumba cha Anglesey, chimene eni ake amati Ynys Môn, chathyathyathya, cholekanitsidwa ndi mtunda ndi kamtsinje ka nyanja kotchedwa Menai. Edward I, mwana wa Henry III, anaona zimenezi. Llywelyn atakana kangapo kukamugwadira, Edward anabwera ndi nkhondo mu 1277. Sanavutike kukwera mapiri. Anatsata gombe, akudula nkhalango kuti atsegule msewu, zombo zikumubweretsera chakudya, ndipo anatumiza asilikali ku Anglesey limodzi ndi anthu okolola okwana 360. Tirigu wa Llywelyn anakathera m'mimba mwa asilikali a Edward. Dzinja la kumeneko lisanalimbe, Llywelyn anagonja, natsala ndi kachigawo kochepa chabe.

Nkhondo yachiwiri anaiyamba mng'ono wake, Dafydd, amene anaukira linga la Hawarden pa Lamulungu la Kanjedza mu 1282. Mapeto ake anali oipa. Llywelyn anaphedwa pa 11 December chaka chomwecho ku Cilmeri, ndipo mutu wake unatumizidwa ku London kuti anthu akauone. Dafydd anagwidwa m'mapiri mu June 1283 n'kuphedwa mwankhanza ku Shrewsbury mu October, thupi lake litadulidwa zigawo zinayi. Panatsala mwana wamkazi wa Llywelyn, Gwenllian, khanda losakwana zaka ziwiri. Anamutengera ku nyumba ya asisitere ku Sempringham, kum'mawa kwa England, ndipo anakhala kumeneko mpaka imfa yake mu 1337, kuti asabereke mwana amene angadzafunse za ufumu wa agogo ake. Pa nkhani yonseyi, ya mwanayu ndi imene imandikhala pamtima. Edward ankadziwa kuti mbumba imatha bwanji.

Tsopano taonani pamene anaika malinga ake: Flint, Rhuddlan, Aberystwyth, Conwy, Caernarfon, Harlech, Beaumaris. Onsewa ali pagombe kapena pamtsinje umene chombo chingalowe. Alendo amayamikira kuti omanga anali ndi diso losankha malo okongola, koma Edward sankafuna malo oonera kulowa kwa dzuwa. Ankadziwa kuti pamtunda Awelshi akhoza kutseka njira iliyonse, pamene panyanja analibe zombo zolimbana naye. Ku Rhuddlan, kumene linga linali patali pang'ono ndi nyanja, anthu okumba anawongola ndi kuzamitsa mtsinje wa Clwyd kwa zaka zitatu kuti zombo zizifika pakhomo. Ku Harlech kuli masitepe otsika thanthwe lonse mpaka pansi. Mukaima pamwamba pake lero mumaona nyumba, njanji ndi bwalo la gofu, ndipo mumadabwa kuti masitepewo ankapita kuti. Nthawi imeneyo madzi ankafika patsinde pa thanthwelo. Nyanja inachita kusuntha pambuyo pake mchenga utaunjikana. Ndi njira imeneyi asilikali osakwana 40 ankatha kusunga linga kwa miyezi, bola chombo chizibwera kuchokera ku Ireland kapena ku Chester.

Ntchitoyo inali yaikulu koopsa. Woyang'anira wamkulu anali mmisiri wochokera ku Savoy, James of St George. Linga la Conwy ndi mpanda wa tauni yake zinatha m'zaka pafupifupi zinayi kuyambira 1283, ndipo zinadya mapaundi pafupifupi 15,000. Pa malinga onse pamodzi amawerengera mapaundi cha m'ma 80,000, pa nthawi imene mmisiri ankalandira ndalama zochepa za mapeni patsiku. Zina mwa ndalamazi zinali ngongole kwa a Riccardi, amalonda a mumzinda wa Lucca ku Italy. Osema miyala, akalipentala ndi okumba ankatengedwa mokakamiza kuchokera m'maboma osiyanasiyana a ku England, kusonkhanitsidwa ku Chester, n'kuperekezedwa ndi asilikali kuti asathawe panjira. Matabwa ena omangira Caernarfon anachita kukasasula ku Dolbadarn.

Ife tili ndi mawu amene amafotokoza malo ngati Caernarfon bwino kuposa mawu aliwonse a pa mapepala a alendo. Mawuwo ndi boma. Poyamba boma linali mpanda wotchinga, malo a asilikali, ndipo m'kupita kwa nthawi dzina la mpandawo linasanduka dzina la ulamuliro wonse. Harry Johnston atamanga Fort Johnston mu 1891 anaiika pa Shire, pamene masitima apamadzi ankatha kufika, ndipo kuchokera m'mipanda yotereyi munatuluka msonkho, khoti ndi amesenjala. Caernarfon inalinso chimodzimodzi. Lamulo la ku Rhuddlan la mu 1284 linagawa Gwynedd m'maboma a mtundu wa Chingerezi, ndipo ku Caernarfon ndi kumene kunali mosungira msonkho ndi woweruza wamkulu wa kumpoto konse. Kusiyana kwake n'kwakuti mipanda ya kwathu inali yaing'ono ndipo yambiri inagwa, tinangosintha maina kukhala Mangochi, Mchinji ndi Chitipa. Ya ku Wales inamangidwa ndi miyala yochindikala mamita angapo, ndipo siichoka pamaso.

Chimene alendo ambiri amachidumpha ndi matauni. Ku Conwy mukhoza kuyenda pamwamba pa mpanda wa tauni, wautali makilomita 1.3, wa nsanja 21. Ndi ulendo wabwino kwambiri, ndipo ndi waulere. Kumanzere mumaona madenga a nyumba ndi mabwato padoko, kumanja mapiri. Koma mpandawo unamangidwa kuti uteteze Angerezi amene Edward anawabweretsa kudzakhala m'katimo, atawapatsa malo pa lendi yotsika ndi ufulu wa malonda. Mwelshi ankabwera kudzagulitsa mbewu ndi ziweto zake pamsika wa alendowo, n'kubwerera kumudzi. Pamalo pomwe pali tauniyo panali nyumba ya amonke ya Aberconwy, kumene kunali manda a Llywelyn ab Iorwerth. Edward anasamutsira amonkewo ku Maenan, kumtunda kwa mtsinje. Ku Anglesey anachita zoposa apa: anthu a tauni ya Llanfaes, imene inali doko lalikulu la Awelshi, anawasamutsira mbali ina ya chilumbacho, kumalo amene anawatcha Newborough, kuti tauni yake ya Beaumaris isakhale ndi wopikisana nayo. Aliyense amene anamvapo za minda ya atsamunda ku Thyolo sangavutike kumvetsa.

Nanga lokoyo anagwira? Osati monga mwini wake ankafunira. Mu 1294, Edward atalamula msonkho wolemera ndi kufuna amuna oti akamenye nkhondo yake ku Gascony, Awelshi anaukira motsogozedwa ndi Madog ap Llywelyn. Analowa mu Caernarfon, imene inali isanathe kumangidwa, naitentha, n'kupha mkulu wa boma kumeneko. Edward mwiniwake anatsekeredwa m'linga la Conwy m'nyengo yozizira, madzi a mtsinje atasefukira, mpaka thandizo linafika. Atagonjetsa kuukirako anayamba Beaumaris mu 1295. Akatswiri amati pa mapulani onse a malinga a ku Britain palibe loposa limeneli: mpanda m'kati mwa mpanda, ngalande ya madzi kuzungulira, ndi doko lake pakhomo. Koma mukafika mumaona kuti ndi lalifupi modabwitsa, ngati nyumba imene mwini wake anaisiyira pa mawindo. Ndalama zinatha. Kalata imene James of St George anatumiza ku London mu 1296 ilipobe, ndipo akudandaula kuti ali ndi amisiri 400 ndi antchito 2,000 amene akuthawa chifukwa sakulipidwa. Mtima wa Edward unali utapita ku nkhondo ya ku Scotland. Linga limenelo silinathe mpaka lero.

Patapita zaka zana kunabwera Owain Glyndŵr, amene anthu ake anamulonga ukalonga mu September 1400. Chaka chotsatira, pa Lachisanu Loyera, asilikali a ku Conwy ali kutchalitchi, abale awiri, Rhys ndi Gwilym ap Tudur, analanda linga lija la mapaundi 15,000 ndi anthu ochepa, mmodzi atalowa ponamizira kuti ndi kalipentala. Analisunga pafupifupi miyezi itatu. Mu 1404 Glyndŵr analanda Harlech ndipo anakhala m'menemo ndi banja lake mpaka 1409, linga la Edward litasanduka likulu la Awelshi. Nyumba ya malamulo ya ku England inayankha ndi malamulo a mu 1402 oletsa Mwelshi kukhala pa udindo kapena kunyamula zida, ndipo ngakhale Mngerezi wokwatira mkazi wa Chiwelshi ankataya mwayi wa udindo. Chodabwitsa n'chakuti banja lomwelo la a Tudur ndi limene linadzatulutsa Henry VII, mfumu ya England kuyambira 1485. Ndipo mwana wake, Henry VIII, ndi amene mu 1536 analumikiza Wales ku England mwalamulo, n'kulamula kuti makhoti aziyendera Chingerezi ndipo wosachidziwa asapatsidwe udindo. Wachibale atalowa ufumu, chilankhulo cha kwawo ndiye chinatsekeredwa kunja.

Zitatero malinga analibenso ntchito yeniyeni. Anagwiritsidwako ntchito pa nkhondo yapachiweniweni ya m'ma 1640, kenaka anasiyidwa, ndipo ku Conwy zitsulo ndi mtovu wa padenga zinasasulidwa mu 1665. Amene anawatulukiranso anali alendo. Nkhondo za pakati pa Britain ndi France zitatseka njira ya ku Italy m'ma 1790, anthu olemera a ku England anayamba kufuna mapiri ndi mabwinja pafupi ndi kwawo. Wojambula J. M. W. Turner anayenda m'derali najambula Dolbadarn, Caernarfon ndi Harlech. Njanji ya Chester kupita ku Holyhead inafika cha m'ma 1850, ndipo sitima yokwera Yr Wyddfa inayamba mu 1896. Choncho diso limene timaonera nalo malowa lero, loona bwinja ndi nkhungu ngati zokongola basi, ndi la mlendo wa ku England wa zaka mazana awiri zapitazo. Tinachita kubwereka.

Pali linga lina pafupi ndi Bangor limene liyenera kutchulidwa padera, chifukwa ndi lonamizira. Penrhyn amaoneka ngati wa nthawi ya Anormani, koma anamangidwa m'ma 1820 ndi 1830 monga nyumba ya banja la Pennant. Chuma chawo chinachokera ku minda ya nzimbe ku Jamaica, yolimidwa ndi akapolo ochokera ku Africa, ndiponso ku mgodi wa miyala ya sileti ku Bethesda. Ukapolo utathetsedwa, boma la Britain linalipira banjali chipepeso chifukwa cha akapolo oposa 700. Akapolowo sanalandire kanthu. Ku mgodi nakonso kunali sitiraka ya zaka zitatu, kuyambira 1900 mpaka 1903, imene inagawanitsa mabanja ndi mipingo. Mpaka pano kuli anthu a ku Bethesda amene salowa pakhomo pa nyumbayo. Ine ndinalowa, ndipo ndi yokongola mochititsa nthumanzi.

Mnzanga amene tinali naye paulendowu, wophunzira za uinjiniya, anati ndikuwononga tchuthi. Iye ankati zaka mazana asanu ndi awiri ndi zambiri, mwala ndi mwala, ndipo luso la amisiri aja liyenera kuyamikiridwa palokha. Pali zoona m'mawu akewo, ndipo pali zina zimene ndingamuwonjezere. Akalonga a Chiwelshi sanali angelo. Llywelyn ap Gruffudd anatsekera mkulu wake Owain m'ndende zaka zoposa makumi awiri, ndipo ambiri amati munali mu nsanja ya Dolbadarn momwemo. Dafydd, amene anafera ufulu wa Wales, anali atamenyapo nkhondo kumbali ya Edward mu 1277. Asilikali zikwizikwi a m'gulu la Edward anali Awelshi a kummwera. Nkhaniyi si ya oyera ndi akuda mtima.

Koma sindivomereza kuti nkhaniyi inatha. Ikadatha, bwenzi mafumu a ku England atasiya kuigwiritsa ntchito. Mwana wa Edward anabadwira ku Caernarfon mu 1284, ndipo mu 1301 anapatsidwa dzina la Kalonga wa Wales, dzina la munthu amene mutu wake unapachikidwa ku London. Kuyambira pamenepo lakhala dzina la mwana woyembekezera ufumu wa England. Mu 1911 David Lloyd George, Mwelshi weniweni wolankhula chinenero chake, anakonza zoti mwambo wolonga kalongayo uchitikire m'linga la Caernarfon, ndipo pa 1 July 1969 Charles analongedwa pomwepo, dziko lonse likuonera pa wailesi yakanema. Usiku wa tsiku lomwelo lisanache, amuna awiri otsutsa mwambowo anafa ku Abergele bomba limene ananyamula litaphulika. Mu September 2022, Mfumukazi Elizabeth itangomwalira, dzinalo linaperekedwa kwa William tsiku lotsatira, ndipo Awelshi ambiri anafunsa kuti anawafunsa ndani.

Umboni wina ndi wa mu 2017. Boma la Wales lenilenilo linalengeza kuti liika chosema chachikulu cha chitsulo, chooneka ngati mphete, pa linga la Flint pofuna kukopa alendo. Vuto linali lakuti malinga a Edward amadziwika ndi dzina loti mphete yachitsulo, kutanthauza mphete imene inazinga Gwynedd pakhosi. Anthu zikwi zambiri anasaina chikalata chokana, ndipo ntchitoyo inaimitsidwa. Amene anakonza pulaniyo ankaganizira alendo. Amene anakana ankakumbukira chimene mpheteyo inazinga.

Sindikunena kuti malingawo agwetsedwe, ndipo sindinakumane ndi Mwelshi wofuna zimenezo. Anayi mwa iwo, Conwy, Caernarfon, Harlech ndi Beaumaris, ali pa mndandanda wa UNESCO kuyambira 1986. Amawasamalira ndi nthambi ya boma la Wales yotchedwa Cadw, mawu a Chiwelshi otanthauza kusunga, ndipo mbendera imene imauluka pa nsanja zake ndi ya chinjoka chofiira cha Wales. Ndalama za matikiti zimapita kwa zidzukulu za anthu amene ankatsekeredwa kunja. Kumeneko ndiye kubweza kwabwino. Chimene ndimakana ndi ulendo umene umakufikitsa pa Caernarfon, n'kukuonetsa nsanja za ngodya zambiri ndi ziwombankhanga za mwala pamwamba pake, koma osakuuza kuti makilomita ochepa chabe kuchokera pamenepo kuli Dolbadarn, ndi kuti matabwa ake ali kuti.

Chilankhulo nacho chinadutsa m'minga. Chinapulumuka makamaka chifukwa cha Baibulo limene William Morgan anamasulira mu 1588, ndi matchalitchi amene ankaliwerenga. M'zaka za m'ma 1800 sukulu zina zinali ndi kathabwa kotchedwa Welsh Not, kamene ankakoleka m'khosi mwa mwana wopezeka akulankhula Chiwelshi; iye ankakapatsira mnzake amene wamumva akulakwanso, ndipo wotsala nako pomweruka ankalangidwa. Ambiri a ife amene tinaphunzira pa sukulu zoletsa Chichewa pabwalo tikukadziwa kathabwa kameneka, kungoti kwathu kanali ndi maina ena. Kalembera wa mu 2021 anapeza kuti olankhula Chiwelshi ndi 538,300, pafupifupi anthu 18 pa 100 alionse, ndipo chiwerengerocho chinatsika poyerekeza ndi cha 2011. Nkhondo imeneyo ikadalipo.

Koma ku Gwynedd olankhula Chiwelshi ndi oposa 60 pa 100 alionse, ndipo Caernarfon ili m'gulu la matauni amene chimamveka kwambiri m'dziko lonselo. M'kati mwa mpanda umene unamangidwira Angerezi okhaokha, mayi wogulitsa tchipisi ankandilankhula Chingerezi mwaulemu, kenaka n'kutembenukira kwa mnzake m'Chiwelshi. Anyamata okhala pa khoma la padoko ankanyozana za mpira m'chilankhulo chomwecho. Zikwangwani zonse zimayamba ndi Chiwelshi, Chingerezi chili pansi. Ndipo mu November 2022 akuluakulu oyang'anira malo otetezedwa a mapiri aja anagwirizana kuti m'zolemba zawo zonse, ngakhale za Chingerezi, phirilo lizitchedwa Yr Wyddfa ndipo deralo lizitchedwa Eryri. Woyendetsa basi ya ku Llanberis anandibwerezetsa dzinalo katatu asanandipatse tikiti.